Sikirini yakuda ku Area 47: mlandu womwe X ankasenzera ena

Foni inandipeza Lachiwiri m'mawa ndili m'minibasi yochokera ku Area 25. Anali bwana wa ofesi ina yaing'ono ya ku Area 47 mu Lilongwe, yomwe imajambula mapulani a nyumba ndi mapu a maploti. "Achimwene, kompyuta yaikulu ija ikumangozima yokha. Ntchito ya tsiku lonse ikumalowa m'madzi. Tabwerani mudzaione lero lomwe."

Mawu akuti "ikuzima" tonse timawadziwa. Kasitomala akatero akhoza kutanthauza kuti makina athima enieni, kapena sikirini yada, kapena pulogalamu imodzi yatsekeka. Ine ndinalakwa poyambirira pomwe chifukwa sindinafunse kuti kuzima kwake n'kotani.

Makinawo anali olumikiza zipangizo zogula padera. Munali purosesa ya mawati 65, RAM ya 16GB, masikirini awiri, ndi khadi la zithunzi la NVIDIA GeForce RTX 3060 lomwe munthu wina anadzawonjezera pambuyo pake, ofesiyo itayamba kupangira makasitomala zithunzi zoonetsa mmene nyumba idzaonekere ikamangidwa. Ankayendera mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu 22.04, yomwe inatuluka mu Epulo 2022. Mayi amene amakhala pa makinawo tsiku lonse amatsegula QGIS ya mapu, Blender ya zithunzi za nyumba, ndi Firefox yodzaza masamba. Nditalemba echo $XDG_SESSION_TYPE yankho linali x11, kusonyeza kuti zithunzi zonse zikudutsa mwa Xorg, yemwe timangomutcha X, osati mwa Wayland yomwe ndi njira yatsopano.

Kwa anzanga amene munazolowera Windows: pa Linux, zojambula pa sikirini zili ndi pulogalamu yakeyake yoziyang'anira. X ndi wamkulu ndithu, anayambira ku MIT mu 1984, ndipo X11 yomwe tikugwiritsabe ntchito ndi ya 1987. Ndiye amalandira za kiyibodi ndi mausi, ndiye amalankhula ndi driver, pulogalamu yoyendetsa khadi. Iye akagwa, mawindo onse amagwa naye, koma kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, imakhala ikuyendabe pansi. N'chifukwa chake munthu amangopezeka wabwezedwa pamalo olembera pasiwedi, makina osathima.

Tsiku loyambalo ndinatsegula log ya Xorg, fayilo yomwe X amalembamo zochitika zake, n'kusefa mizere ya (EE) yosonyeza zolakwika, ndipo ndinapeza mzere wakuti "Caught signal 11 (Segmentation fault). Server aborting", pamwamba pake pali dzina la nvidia_drv.so. Basi mtima unakhazikika. Ndinati vuto ndi driver. Ndinamuchotsa, n'kuika amene lamulo la ubuntu-drivers devices linkalimbikitsa, ndinayatsanso makina, n'kutsegula Blender kwa ola lathunthu. Panalibe chinachitika. Ndinalandira yanga ya ulendo n'kubwerera.

Lachisanu foni inaliranso. Ulendo uno anali mayi aja, mawu ali pansipansi. "Achimwene, zija zayambiranso. Lero kawiri."

Ndili m'njira ndinadzifunsa chomwe ndinakonza Lachiwiri lija, ndipo yankho linali lochititsa manyazi. Ndinaona dzina la driver pamalo a ngozi n'kumugamula mlandu, ngati kugwira munthu woyamba kufika pamene pagwa galimoto. Komanso vuto lobwera mwa apo ndi apo silingayesedwe ndi ola limodzi. Likanatha kusaoneka ola limenelo ngakhale ndikanapanda kukhudza kalikonse.

Ndiye ulendo wachiwiriwu sindinasinthe chilichonse m'makinamo kupatula kuikamo openssh-server, kuti zikavuta ndizitha kulowamo kuchokera pa laputopu. Ndinagula kope la ana asukulu pa golosale yapafupi, n'kulemba mizere itatu: nthawi, zomwe mumachita, zomwe mwaona. Ndinawapempha mayiwo kuti azilemba nthawi ya pa foni yawo mpaka mphindi yake. Ndinawapemphanso kuti sikirini ikada asathamangire kukanikiza batani lozimitsira, chifukwa kuzimitsa kotero nthawi zina kumataya mizere yomaliza ya log, yomwe ndi imene timaifuna. Ndinawaonetsa Ctrl+Alt+F3, kuti aone ngati pabwera sikirini ya malemba okhaokha. Zikakanika, agwire Alt ndi SysRq n'kudina S, kenako U, kenako B, modekha. Zilembo zitatuzi zimagwira ntchito pa Ubuntu popanda kusintha kalikonse: yoyamba imalemba zotsala pa disiki, yachiwiri imatseka disiki kuti isalembedwenso, yachitatu imayatsanso makina.

Bwana sanakondwe. "Ndiye mwabwera kudzatipatsa homuweki?" Ndinawayankha kuti inde, ya masiku khumi.

Kopelo ndi limene linatsegula nkhani. Patatha masiku khumi munali zochitika 9, ndipo ngakhale munthu wosadziwa makompyuta akanaona kuti si zamtundu umodzi. Maulendo 6 mayiwo analemba kuti makina anayamba kulemera, mausi kumakoka miyendo, kenaka "yandibweza pa pasiwedi". Maulendo 3 analemba kuti "zada bii masikirini onse, mafani akulira kwambiri, F3 yakana". Pa ofesipo onse ankazitcha kuzima, nanenso ndinkazitenga ngati nthenda imodzi. Zinali ziwiri.

Ndinayamba ndi yobweza pa pasiwedi. Apa ndichenjezeko pa zinthu ziwiri zomwe zimataya nthawi. Choyamba, log ya Xorg ikhoza kukhala ku /var/log kapena ku ~/.local/share/xorg malinga ndi mmene X wayambitsidwira, ndipo yomwe ili ndi nkhani ya ngozi kawirikawiri ndi yothera ndi .old, chifukwa X akangodzukanso amayamba fayilo yatsopano. Chachiwiri, manambala a kumanzere kwa mizere yake si nthawi ya pa wotchi, ndi masekondi kuchokera pamene makina anayaka. Kuti ndiwagwirizanitse ndi kope ndinagwiritsa ntchito journalctl --list-boots kupeza tsiku, kenaka journalctl -b ndi nambala ya kuyatsa kwa tsikulo, ulendo wina ndi -o short-monotonic kuti masekondi afanane ndi a Xorg.

Zomwe ndinapeza zinandiseketsa ndekha. Pa zochitika zobweza pa pasiwedi, mawu omaliza a X anali akuti "Server terminated successfully (0). Closing log file." Munalibe (EE) yoopsa, munalibe signal 11. X sanagwe. Anatsanzika bwinobwino ngati mlendo, chifukwa seshoni yomwe ankaitumikira inali itatha. Masekondi ochepa m'mbuyo mwake, mu journal, log ya makina onse, munali mzere wa systemd-oomd wonena kuti yapha gulu la mapulogalamu a munthuyo chifukwa kupanikizika kwa memory kunapitirira 50% kwa masekondi oposa 20.

Pulogalamu ya systemd-oomd inabwera yoyatsidwa kale mu Ubuntu 22.04. Ntchito yake ndi kuyang'ana ngati makina akuthera nthawi yawo posinthanitsa zinthu pakati pa RAM ndi disiki m'malo mogwira ntchito, ndipo zikafika poipa imapha gulu lonse la mapulogalamu, osati imodzi yokha. Pa makina awa, zomwe zinkaphedwa zinkakoka seshoni yonse. Nditakhala pambali pa mayiwo masana ena ndi free -h komanso top, ndinaona mmene zinkakhalira. Chithunzi cha drone cha malo ena a ku Area 49, fayilo imodzi ya GeoTIFF ya magigabaiti angapo, chili chotsegula mu QGIS. Blender ili ndi nyumba ya zipinda zinayi ndi mitengo yake. Firefox ili ndi masamba oposa 30. RAM inali itadzaza, ndipo swap ya 2GB, malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza, inali itatha kalekale.

Pa intaneti ambiri amalangiza kungozimitsa systemd-oomd. Ine sindinatero, ndipo chifukwa chake ndi ichi: memory ikanapitirizabe kutha, kungoti m'malo mobwezedwa pa pasiwedi mayiwo akanamakhala mphindi zambiri akuyang'ana mausi wouma, mapeto ake n'kukanikiza batani lomwe ndinawaletsa lija. Mlonda akakuwa kuti kwalowa madzi, sitichotsa mlonda. Tinagula RAM ina ku Old Town kufikitsa 32GB, ndinaiyesa ndi memtest86+ usiku wonse, ndinakuza swap kufika 8GB, ndipo zithunzi zikuluzikulu za drone tinazipangira ma overview, timakope tochepetsedwa ta chithunzi, ndi gdaladdo kuti QGIS isamavutike kujambula chithunzi chonse pamene munthu akuonera patali. Kubwezedwa pa pasiwedi kunathera pomwepo.

Yakuda bii ija ndiyo inatsala, ndipo ndi imene inandidyera milungu itatu.

Mwayi unandigwera Lolemba lina ndili pa ofesi pomwepo. Masikirini onse awiri anada, mafani a khadi anakwera mawu ngati chigayo. Ndinatsegula laputopu, ssh inalowa bwinobwino. Makina anali moyo. Nditalemba sudo dmesg ndinapeza mzere wa NVRM wonena za Xid 79, ndi mawu akuti "GPU has fallen off the bus". Lamulo la nvidia-smi linakana kuliona khadilo. Ndisanayatsenso ndinayendetsa nvidia-bug-report.sh kuti zonse zisungidwe.

Ma Xid ndi manambala omwe driver wa NVIDIA amalemba mu log ya kernel khadi likakumana ndi vuto, ndipo nambala iliyonse ili ndi tanthauzo lake. Xid 13 ndi 31 kawirikawiri zimaloza ku pulogalamu yomwe yalituma khadi zosayenera. Xid 79 ndi ina. Imatanthauza kuti driver waitana khadi pa msewu wa PCIe, womwe umalumikiza khadi ndi bolodi, koma silikuyankhanso, ngati lazulidwa makina ali chiyakire. Zoyamba kukayikira pamenepa ndi kutentha, magetsi, ndi kakhalidwe ka khadi m'malo mwake.

Apa m'pamene ndinamvetsa signal 11 ya tsiku loyamba ija. Nditaika masekondi a kernel pambali pa a Xorg, Xid 79 inali patsogolo, kugwa kwa X kunali pambuyo. X anagwadi, ndipo anagwera m'kati mwa nvidia_drv.so, koma anagwa chifukwa anaponda pomwe panalibenso pansi. Log ya Xorg payokha inkanena zoona, kungoti inkayambira nkhani pakati. Kuyambira pamenepo, ndikapeza (EE) mu Xorg sindikhulupirira kanthu ndisanaone zomwe kernel inanena m'masekondi khumi a m'mbuyo mwake.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo aliyense wokhala mu Lilongwe akudziwa mmene dzuwa limaswera mtengo nthawi imeneyo. Ofesiyo ili m'mbali mwa msewu wafumbi, mawindo amakhala otsegula. Ndinaganiza za kutentha. Ndinasiya nvidia-smi ikulemba nthawi, kutentha ndi mawati mu fayilo masekondi asanu aliwonse, pogwiritsa ntchito --query-gpu=timestamp,temperature.gpu,power.draw ndi -l 5. Blender ikamapanga chithunzi khadi linkafika madigiri 83. Tinatulutsa makina pakhonde, n'kuwapemerera ndi blower titagwira mafani ndi chala kuti asazungulire mopitirira. Fumbi lofiira lomwe linatuluka linatsokomoletsa mpaka mlonda wa pageti. Ndinazula khadi, ndinapukuta mano ake, n'kulibwezera mpaka kachotsekera kake kanalira. Kutentha kunatsika kufika cha m'ma 70.

Ndinkafuna kwambiri kuti likhale fumbi. Koma malire omwe NVIDIA inalemba a khadi limeneli ndi madigiri 93, ndipo khadi likatentha limayamba ladzichepetsera liwiro lisanafike pothawa. Patangotha masiku anayi sikirini inadanso, ndipo mzere womaliza mu fayilo yanga unkasonyeza madigiri 69. Kutentha kunatuluka m'mlandu. Chomwe chinatsala chooneka m'fayilomo n'chakuti nthawi zonse khadi linkathawa likukoka mawati oposa 160.

Ndiye ndinayesa kulimana chakudya. Lamulo la sudo nvidia-smi -pl 120 limaletsa khadi kupitirira mawati 120, pamene lokha limafika 170. Kumbukirani kuti malirewa amafufutika makina akayatsidwanso, choncho ndinawaika m'kafayilo ka systemd kuti azibwerera okha. Zithunzi zinkachedwerako pang'ono kutuluka, koma sabata yonse inadutsa popanda kuda. Apa ndinadziwa kuti nkhani ndi ya magetsi, koma ndinali ndisanadziwe kuti magetsi ake ndi a pati. Komanso chinkandizunguza mutu n'chakuti masiku ena khadi linkakoka mawati 165 kwa maola awiri osathawa. Panali china chomwe chinkabwera n'kukankha.

Yankho linachokera kwa amesenjala a pa ofesipo, bambo achikulire omwe aliyense amawaitana kuti Madala. Ndinkadya chimanga chootcha pakhonde, iwo akutsuka makapu a tiyi, ndipo anangoti, "Aphunzitsi, inetu za makinazi sindizidziwa. Koma ndimaona kuti mayiwa akamadandaula, ine ndimakhala nditaima pa pulinta kudikira mapepala. Ndiye kabokosi kakuda kapansiko kamayamba kalira kuti thethe."

Safunsa anadya phula. Milungu yonseyi ndinkafunsa makina ndi mayi aja, osawafunsa bambo amene amayenda m'chipindamo tsiku lonse.

Ndinagwada pansi pa tebulo. Kabokosi kakudako kanali UPS ya 650VA, ya batire yosungira makina magetsi akathima. Kumbuyo kwake kunali ekisitenshoni, ndipo pa ekisitenshonipo panali kompyuta, masikirini awiri, rauta, ndi pulinta ya laser. Pulinta ya laser ili ndi chotenthetsera chomwe chimamatiza inki yaufa papepala, ndipo ikamadzuka kutulo chimakoka mawati mazanamazana kwa kanthawi kochepa. N'chifukwa chake opanga ma UPS amaletsa kulumikizapo pulinta yamtunduwu. UPS ya 650VA mphamvu yake yeniyeni siifika mawati 400, ndipo kompyutayo ndi masikirini ake, Blender ikamagwira ntchito, zinali zitadya kale gawo lalikulu.

Tinadikira kuti anthu aweruke, tinasunga mafayilo onse, ndipo ndinabwezera khadi pa mawati 170. Ndinayambitsa Blender, n'kuwapempha Madala kuti atumize tsamba limodzi ku pulinta yomwe inali itagona. Ulendo woyamba UPS inalira koma makina anapirira. Wachiwiri masikirini anada bii, Xid 79 ili pomwepo mu dmesg. Tinabwereza, zinachitikanso. Kwa nthawi yoyamba vuto linabwera nditaliitana. Tinasamutsira pulinta pa soketi ya pakhoma ya mbali ina ya chipinda, tinasindikiza maulendo khumi, osaona kanthu.

Ndikanatha kuimira pamenepo, ndipo bwana ankafuna tiimire pomwepo. Koma funso linandikanirira: magetsi akagwedezeka pang'ono, bwanji likuthawa khadi lokha, makina ena onse n'kumayendabe? Power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta, ikakhala yabwino imayenera kusunga mphamvu kwa mamilisekondi pafupifupi 16 magetsi akadukiza, nthawi yokwanira kuti UPS isinthe. Ndinatsegulanso makina, ulendo uno ndinamasula power supply yeniyeniyo, chifukwa chikalata chake chinayang'ana kukhoma la bokosi.

Pamwamba panalembedwa 500W ndi zilembo zikuluzikulu. Pa tebulo la tizilembo ting'onoting'ono, mzere wa 12V unali ndi 18A. Kuchulukitsa 12 ndi 18 kumapereka mawati 216 basi, ndipo khadi ndi purosesa zonse zimadya pa 12V pomwepo. Khadi la mawati 170 likufuna ma amp 14, purosesa ya mawati 65 ikufuna ena 5, tisanawerenge mafani ndi ma disiki. NVIDIA imalangiza power supply ya mawati 550 pa khadi limeneli, ndipo imatanthauza 550 yeniyeni. Choipiraipira, power supply imeneyi inalibe chingwe cha mapini 8 cha khadi. Amene anaika khadi uja analumikiza ndi kachingwe kosinthira kochokera pa mapulagi awiri a molex, onse a pa nthambo imodzi, ndipo pulasitiki ya pulagi imodzi inali itasanduka yachikasu ngati dzino la wosuta fodya. Malo a PCIe pa bolodi amapereka mawati 75 okha, otsalawo ankadutsa pa kachingwe kameneka.

Ndivomere kuti kachingweka ndinakaona tsiku lopemerera fumbi lija. Ndinakagwira ndi dzanja langa pozula khadi. Koma m'mutu mwanga munali kutentha, ndiye maso anangodutsapo.

Ndinayeza ndi multimeter pa pulagi ya khadi. Makina akupuma inkasonyeza 12.1V, Blender ikayamba inkatsika kufika 11.3V. Malamulo akale a ATX, muyezo wa ma power supply, ankalola 12V kusuntha ndi 5% yokha, kutanthauza kuti isatsike kupitirira 11.4V. Ndiye khadi linkakhala kale m'mphepete mwa phompho tsiku lililonse, pulinta inkangobwera kudzalikankha. Multimeter siitha kuona kugwa kwa kanthawi kochepa kwambiri, choncho zenizeni zinkafika pansi kuposa pamenepa.

Kukambirana ndi bwana kunali kovutirapo kuposa kupeza vutolo. Iwo anali atamva kale kwa mnzawo kuti mankhwala ndi kuchotsa Linux, ndipo wina anawauza kuti khadi ndi lakufa, agule lina. Ndinawaonetsa pulagi yachikasu ija m'manja. "Bwana, mukaika Windows, kachingwe aka kakhalabe momwemu. Mukagula khadi lina, mudzalilumikiza pomwepanso. Ndipo tsiku lina sikudzakhala kuda kwa sikirini, kudzakhala utsi." Anakatembenuza kawiri, n'kufunsa mtengo wa power supply.

Tinagula ya mawati 650 yokhala ndi chingwe chakechake cha mapini 8, yomwe chikalata chake chimasonyeza ma amp oposa 50 pa 12V. Pogula ndinachita kuitulutsa m'katoni n'kuwerenga chikalatacho pa kauntala, wogulitsa akundiyang'ana ngati ndikumunyoza. Titaiika, 12V inkakhala pa 12.0 ngakhale khadi likukoka mawati onse. Mwadala tinabwezera pulinta pa UPS kwa mphindi zochepa kuti tiyese. UPS inalira, makina sanagwedezeke. Kenaka tinaichotsanso, ndipo pa masoketi otsala a ekisitenshoni ndinamatapo tepi yofiira.

Ndinalangizanso UPS yokulirapo, ya 1500VA yotulutsa magetsi osalala ngati a pakhoma, chifukwa ma power supply amakono ena sagwirizana ndi magetsi a makwerero omwe ma UPS otchipa amatulutsa akakhala pa batire. Bwana anati zimenezo zidikire makasitomala alipire. Chifukwa cha ichi malire a khadi ndinawasiya pa mawati 140, kuti magetsi akathima pakati pa ntchito ka UPS kakang'onoko kapirire mpaka mayiwo asunge fayilo. Driver ndi yemwe uja ndinaika tsiku loyamba, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale wakale uja analibe chifukwa.

Ndinapitako komaliza mu Januwale, mvula ili pakati, kukaika disiki ina yosungira zithunzi za drone. Ndinayendetsa journalctl -k pa masiku onse omwe analipo kufunafuna Xid, osapeza ngakhale imodzi. Kope lija linali likadali pansi pa kiyibodi. Chilembereni Novembala munali mzere umodzi wokha, wa m'mawa wina wa Disembala: "Sikirini yakumanja yada. Chingwe chinazuka pokolopa. Ndabwezera ndekha." UPS yatsopano ija sinagulidwebe, ndipo pa soketi imodzi tepi yofiira inali itamatulidwa, pali tchaja ya foni ya Madala.